Masamba Opindika M'saluni ya Azakhali

"Wapha maluwa a eni ake ndiwe, Machesi! Iwe ndi kapepala kako ka nzeru zambirimbiri!"

Ndinali ndisanatule n'chikwama chomwe. Phazi limodzi linali m'saluni, linzake likadali panja, koma azakhali anali atandiloza kale ndi chipeso ngati wapolisi woimitsa galimoto.

"Mwadzuka bwanji, azakhali?"

"Ndadzuka ndi maliro. Taona uko."

Dzina la Machesi anandipatsa ndi iwo omwe, ati ndimayaka ndikangokhulidwa pang'ono. Sindikana. Koma m'mawa umenewo sindinayake msanga, chifukwa maso anga anali atapita kale kumene ankalozako.

Miphika khumi ndi inayi inali itandandalikidwa pazenera lalikulu lakumaso, pambali pa makina oumitsira tsitsi. Anali maluwa aja a masamba onenepa, osunga madzi m'thupi mwawo, ena ooneka ngati duwa losema pamwala, ena ngati tizala ta khanda. Nditachoka anali odzitukumula ngati adya bwino. Tsopano masamba anali atapindika, ena atakwinyika, ena atayoyokera pansi.

Maluwawo sanali anga, sanalinso a azakhali. Anali a Mayi Loya, kasitomala wathu wa Lachisanu lililonse. Tsiku lina anasochera kuseri kwa saluni akufuna polankhulira foni, n'kupeza timakapu tanga ta yogati titafola pakhoma, kalikonse kali ndi kamwana ka duwa kamene ndinameretsa kuchokera ku tsamba limodzi lotola. Anandifunsa kumene ndinaphunzira. Ndinawauza zoona: pafoni yosweka galasi, ndi pa mitembo ya maluwa anga amene ndinapha ndekha ndisanadziwe kanthu. Atatsala pang'ono kupita ku maphunziro a miyezi iwiri, anabwera ndi miphika yawo yonse m'galimoto.

"Mlongo wanga ali ndi munda waukulu wogulitsa maluwa," anatero. "Akufuna munthu wa maso ndi manja. Ndikapeza awa ali moyo, ndikutengera kumeneko ndekha."

Zaka zitatu ndakhala ndikusesa tsitsi la anthu ndi kuchapa mathaulo. Khomo lina lotulukira ndinalibe. Masabata asanu ndi limodzi ndinawasunga maluwawo popanda tsamba logwa. Kenako achemwali anga anachira movutikira kuchipatala, ndipo azakhali omwewa ananditumiza kuti ndikawasamalire masiku khumi ndi awiri. Pochoka ndinasiya miphika pashelefu yam'mbali, pa kazenera kolowa dzuwa la m'mawa lokha, n'kumatapo kapepala ka mawu awiri: MUSATHIRIRE. MUSASUNTHE.

"Mayi Loya aimba," anatero azakhali. "Atsika dzulo. Akubwera twelofu koloko kudzakonzetsa tsitsi ndi kutenga katundu wawo. Ukawauze wekha kuti unawapha ndi ludzu."

Wotchi yapakhoma inkati kota pasiti teni.

"Anawasuntha ndani?"

"Saluni ndi ya ndani? Zinthu zokongola zizibisala kungodya ngati tsache? Ndinaziika poti anthu odutsa azione. Koma madzi ayi. Tinamvera lamulo la abwana. Ngakhale dontho."

"Ngakhale dontho?"

"Wagontha? Ndati ngakhale dontho."

Msuweni wanga, mwana wa azakhali amene timam'tcha Chikhadabo chifukwa ndiye wa zikhadabo m'saluni muno, anali pa tebulo lake akupala zala za Anamwino, kasitomala wina wakalekale amene mutu wake unali wodzaza ndi zopiringira tsitsi. Chikhadabo sanadzutse mutu. Ankapala chala chimodzimodzi chomwecho ngati akufuna kufika pa fupa.

"Mwana iwe, chalacho ndikachifunabe kuntchito," anatero Anamwino. Kenako anatembenukira kwa ine. "Dokotala, takaonani odwala anu. Ife tingodikira lipoti."

Ndinaponya chikwama pampando n'kupita pazenera. Galasi linali kale lofunda ngakhale dzuwa linali lisanatembenukire mbali imeneyo. Madzulo pamalo pamenepa pamatentha ngati pamphika, ndiye muwonjezepo mpweya wa makina oumitsira tsitsi aja.

Duwa la mtundu uwu likamva ludzu silibisa. Masamba apansi ndiwo amayamba kupyapyala ndi kukwinyika ngati chala chokhalitsa m'madzi ochapira, koma amakhala olimba, ndipo mphika ukaunyamula umapepuka ngati mulibe kanthu. Ndiponso masiku khumi ndi awiri si ludzu kwa maluwa amenewa. Amatha mwezi akungokuyang'ana.

Ndinanyamula woyamba. Unalemera ngati njerwa.

Apa m'pamene ndinaona bwino kuti miphika yadothi ija, yobooka pansi, inali italowetsedwa m'mbale zapulasitiki zagolide, zija tinagula zosakanizira mankhwala a tsitsi koma zinakula. Ndinakhudza tsamba lapansi. Linali lachikasu, loonekera mkati, lofewa ngati chipatso chopsetsa, ndipo linangothothoka n'kutsalira m'zala zanga.

"Azakhali, tandibwerekani chipesocho."

"Ukufuna uwapese?"

Ndinatenga china m'thireyi, chija cha mchira wautali chogawira tsitsi. Ndinakankhira pambali timiyala tapamwamba n'kulowetsa mchirawo m'dothi mpaka pansi. Unatuluka uli matope okhaokha, akudontha.

"Eee," anatero Anamwino. "Ludzu lake ndi lachilendo."

"Ndi madzi amene anathira yekha asanapite," azakhali anayankha msanga, osandiyang'ana.

Mano ndinali nditaluma. Ndinasuzumira pa masamba apamwamba, chifukwa iwo ankanena nkhani ina. Sanali ofewa ayi. Anali atapindikira mkati ngati dzanja lobisa kanthu, m'mphepete muli zipsera zofiirira. Kumeneko ndi kupsa ndi dzuwa: tsamba limadzipinda kuti lichepetse pomenyedwa. Koma maluwa awa amabadwa ndi kaufa koyera pakhungu, kamene kamawatchinjiriza ku dzuwa ngati ambulera. Kaufako kanalibe. Masamba ankanyezimira. Ndinapaka chala n'kununkhiza.

Fungo limenelo ndimagona nalo, ndimadzuka nalo, lili m'zovala zanga zonse. Ndi la botolo lopoperera lija la azakhali, losakaniza madzi ndi mafuta ofewetsa tsitsi.

Ndinazula mphika m'mbale yagolide. Pansi pa mbale panali madzi ofika theka la chala, otuwa, mafuta akuyandama pamwamba. Ndinatembenuza mphikawo pa thaulo n'kugogoda. Dothi linagwa lonse pamodzi ngati phala lozizira, ndipo fungo la chithaphwi linadzaza saluni. Mizu yoyenera kukhala yoyera ngati ulusi inali bii, yoterera, ikuduka yokha.

"Mayo ine," anatero Anamwino atatseka mphuno. "Uyu sanafe ndi ludzu, Dokotala. Uyu anamira."

"Anamira, ndiye akuoneka ngati waludzu," ndinatero. "Mizu ikawola singamwe. Duwa limakhala m'madzi koma masamba akukwinyika. Munthu akaona choncho amati awonjeze madzi. Akawonjeza, ayi ndithu amalimaliza." Ndinatembenuka. "Chikhadabo, amathirira ndani?"

"Ine ndimaona za zala, asisi."

"Maso ako amathera pa zala?"

"Usamuzunze mwana," anatero azakhali. Anandigwira pamkono, zikhadabo zawo zikulowa m'mnofu. "Tabwera kuno."

Anandikokera ku kachipinda kakumbuyo kumene timayanika mathaulo, n'kutseka chitseko ndi phazi. M'menemo mumanunkha sopo ndi chinyezi, ndipo anthu awiri mukaima mumapumirana.

"Ukufuna undivule pamaso pa makasitomala?"

"Mwati ngakhale dontho."

"Tsitsa mawu."

"Mwati ngakhale dontho, azakhali!"

Anakhala pa ndowa yovundikira, n'kuyamba kupinda thaulo lopindapinda kale. "Nditawaika pazenera, patapita masiku atatu anayamba kupindika. Ndiye unkafuna nditani? Zaka makumi awiri ndi zisanu ndili pa ntchito ino. Tsitsi likauma n'kuyamba kupindika kunsonga, timatani? Timalipopera. Ndinawapukuta fumbi lija loyera, n'kuwapopera. Anawala bwinobwino, mpaka anthu ankajambula. Mawa lake apindikanso. Ndinati kaya ndi ludzu, n'kuthira otsala m'ketulo. Kenako tsiku lililonse. Mtima unkandipweteka kuwaona choncho. Ine si mfiti."

"Silinali fumbi."

"Ndikanadziwa bwanji?"

"Kapepala kanalipo. Foni yanga inalipo. Munandiimbira kanayi kufunsa kumene ndinaika sizasi."

"Ndifunse mwana za madzi? Ine?"

Pamenepo ndiye panali nkhani yonse. Ndikanatha kuwakhululukira madziwo. Inenso ndinapha maluwa anga oyamba ndi chifundo chomwechi. Koma iwo anali atakhala m'mawa wonse akunola mlandu woti andiveke ine.

"Ndiye muwauze Mayi Loya zimene mwandiuzazi," ndinatero. "Basi. Si anthu ovuta."

"Wapenga? Mayi amene uja amabweretsa ofesi yake yonse muno. Akamva kuti ndinawononga katundu wake, n'kunamanso, Lachisanu ndiziti ndikupesa ndani? Iwe ndiwe mwana. Mwana akalakwa anthu amati ndi chibwana, mawa aiwala. Ungoti pepani, ndinathira ambiri pochoka. Yatha."

"Ntchito ija nayonso yatha."

"Ntchito, ntchito. Kuno ukusewera? Ukudya, ukugona, ukuvala. Mchimwene wanga atamwalira anakutola ndani? Kodi maluwa ndiwo anakulipirira sukulu?" Anaimirira, nkhope yawo ili pafupi ndi yanga. "Tamvera, Machesi. Ukandichititsa manyazi lero, usiku uno ukagone ku munda wa maluwako. Kwanga kulibe malo a mwana wolumira dzanja lomudyetsa."

Anatsegula chitseko n'kutuluka akumwetulira, akufunsa Anamwino ngati zopiringira sizikuwathina.

Ndinatsala ndikuyang'ana mathaulo. Zimene ananenazo si zabodza zonse: ananditoladi, anandidyetsadi. Koma kodi amene anakudyetsa ndiye kuti wagula ndi dzina lako lomwe? Akanakhala Chikhadabo, akanamuuza kuti asenze mlandu wa eni? Mwana wa mwini ndi tasamba m'manja, wako ndi tazingodya.

Wotchi inkati faifi tu leveni. Kulira kukanadikira, maluwa sakanadikira.

Ndinayala mathaulo ouma pa tebulo lalitali, ndinatenga lumo latsopano n'kulipukuta ndi sipiriti wa Chikhadabo. Sanaletse. Anangondikankhira botololo mwakachetechete. Ndinayamba kukhutula miphika umodziumodzi. Pamene mizu ina inali ikadali yoyera ndinkadula yakuda yokha n'kukutumula matope. Pamene kuwola kunali kutakwera m'tsinde ndinkadula m'mwamba, kagawo ndi kagawo, mpaka mkati muoneke mobiriwira mopanda kadontho kakuda. Lumo ndinkalipukuta ndikamaliza duwa lililonse kuti ndisasamutse matenda.

"Ndiye mukawabzala lero lomwe?" anafunsa Anamwino, amene tsopano anali atasiya nthabwala n'kukokera mpando pafupi.

"Ayi. Bala liyambe lauma, masiku atatu kapena anayi pamthunzi. Kenako dothi louma losakaniza ndi mchenga wokhakhala, mumphika wobooka. Madzi pakatha sabata. Ndipo ukathira, uthire mpaka atuluke pansi, kenako uiwale mpaka dothi liume gwa."

"Ngati kwathu komwe. Bala lonyowa sitimanga."

Asanu ndi anayi akanatha kuchira. Atatu ndinangopulumutsapo mitu. Awiri anali phala mpaka kunsonga, ndipo limodzi mwa awiriwo linali lija lotuwa ngati phulusa, lalikulu ngati mbale, limene Mayi Loya anati analisunga zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinathothola masamba anayi amene anali akadali olimba n'kuwagoneka padera. Mwina limodzi lidzatulutsa kamwana. Mwina.

Ndikupukuta mafuta pa tsamba ndi kathonje konyowa, ndinamva azakhali akutaya madzi a m'mbale zagolide musinki, imodzi ndi imodzi, n'kutsegula mpopi kwambiri.

"Zisiyeni mbalezo, azakhali."

"Zikununkha. Muno ndi mogwirira ntchito."

Yomaliza inali pafupi ndi chigongono changa. Ndinaikoka n'kuiika pakati pa mapazi anga. Tinayang'anana. Palibe anaphethira.

Belu lapachitseko linalira. Inali isanakwane hafu pasiti leveni.

Mayi Loya ndi munthu wamfupi, wolankhula motsitsa, woti ukamuona pamsika sungamuganizire kanthu. Analowa atanyamula makiyi a galimoto ndi kathumba ka mphatso. Anaima. Maso awo anayenda pa tebulo lonse, pa mizu yakuda, pa miphika yopanda kanthu, n'kukaima pa masamba anayi otuwa aja.

"Takulandirani, mayi, takulandirani!" Azakhali anali atafika kale pakhomo, manja ali pachifuwa. "Mwayenda bwanji? Mwatipeza tili pa chisoni. Ine tulo sindinagone. Mwanayu ndinam'tuma kwa mkulu wake, ndiye pochoka anati athire madzi ambiri kuti akhalitse. Chibwana, mayi. Ife kuno tinangomvera zimene analemba, osakhudza. Ndam'kalipira kale. Mukhululukireni, ndi wamasiye, nzeru zake ndi za pafoni."

Anamwino anatsokomola. Chikhadabo anagwetsa chopalira zikhadabo ndipo sanachitole.

Mayi Loya anaika kathumba kaja pampando. Anatola tsamba limodzi lotuwa, analitembenuza, n'kulibwezera pamalo pake mosamala.

"Wadula bwino," anatero kwa ine. "Koma kudula bwino pambuyo pomiza si luso limene mlongo wanga akufuna. Maluwa amafa, mwana wanga, ine sindilira maluwa. Kumunda kuja kuli miphika zikwi. Munthu wothira madzi a masabata awiri tsiku limodzi kuti apeze mpata wochoka angaphe shedi yonse. Ndinam'lonjeza kuti Lolemba ndibwera nawe." Anatulutsa foni m'chikwama. "Ndiyenera kumuuza lero ngati tikubwera kapena ayi. Ndi zoona zimene akunena azakhali akozi?"

Kumbuyo kwawo azakhali ankandiyang'ana. Sanali maso aukali tsopano. Anali maso opempha, a munthu amene anandisambitsapo ndikudwala chikuku, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa kuja. Ndinaganiza za kachipinda kanga kwawo, bedi langa, bokosi la zovala pansi pake. Ndinaganizanso za tsache limene lili kuseri kwa chitseko, ndi zaka zina zitatu, ndi zina zitatu.

"Ayi," ndinatero. "Si zoona."

"Machesi!"

"Pochoka sindinathire. Ndinali nditathira sabata imodzi m'mbuyo, dothi linali louma." Ndinawerama n'kutenga mbale yagolide ija, n'kuiika pa tebulo patsogolo pa Mayi Loya. Madzi anagwedezeka, mafuta akusweka pamwamba. "Mbale iyi si yanu, mayi, ndipo miphika sindinaiikemo ine. Nunkhizani madziwo. Gwirani tsamba ili, muone ngati zala sizikuterera. Kaufa koyera kachotsedwa, ndiye dzuwa la pazenera ilo lawawotcha pamwamba pamene madzi akuwadya pansi. Ine ndinawasiya pashelefu iyo. Ndabwera lero kota pasiti teni. Anamwino anandiona ndikulowa ndi chikwama."

"Ndinamuonadi," anatero Anamwino. "Ndi mlandu womwe ndinauona ukumulandira pakhomo."

Mayi Loya anaviika nsonga ya chala m'madzimo n'kununkhiza. Nkhope yawo sinasinthe. "Awa ndi mafuta amene mumandipaka ine," anatero. "Koma botolo limagwiridwa ndi aliyense muno, ngakhale iweyo. Mbale silankhula. Ine ndamva nkhani ziwiri kwa anthu awiri a nyumba imodzi, ndipo mmodzi akundinamiza ndikumuyang'ana." Chala chawo chinali pa foni. "Sinditengera mlongo wanga munthu amene ndikumukayikira."

"Mwana wosayamika," azakhali anayamba, mawu akuthothoka. "Mayi, mukuona nokha mmene amayankhulira ndi akulu. Njoka yoweta..."

"Musandiuze za njoka!" Mawu anatuluka okha, mpaka wodutsa panja anasuzumira pazenera. Sindinasamale. "Nditukwaneni madzulo, katundu wanga mum'ponye panja, ndikatola. Koma pano pali funso limodzi lokha, ndipo silikufunsa za amene anandilera. M'kachipinda umo mwandiuza ndi pakamwa panu, Chikhadabo anakuonani masiku onse, ndipo mayi awa agwira foni m'manja akudikira. Tayang'anani kuno, azakhali, osati pansi. Anapopera ndani? Anathira madzi a m'ketulo ndani? Yankhani!"